Kusamalira galu wopukwa mbuye wake akagonekedwa m'chipatala

Munthu akadwala mwakayakaya pakhomo, maso a aliyense amakhala pa wodwalayo, ndipo n'koyenera kutero. Wina amathamangira galimoto kapena njinga ya kabaza, wina amalongedza zitenje, ndowa, mapoto ndi ufa wokaphikira kuchitando, ndipo pofika madzulo khomo limene linali piringupiringu limangoti zii. Wotsala pakhonde ndi galu, amene waona mbuye wake akunyamulidwa, koma palibe angamuuze kumene apita ndi tsiku limene adzabwere. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo kudikira kumeneku kumatha kutalika, chifukwa wodwala amene wagonekedwa pachipatala cha boma, kapena ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo ku Makwasa, matenda akakula amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo womudikirira, amene ambiri timati gadiyani, nthawi zambiri amakhala yemwe uja amene amapatsa galuyo chakudya. Motero galu amasowa anthu ake awiri tsiku limodzi.

Ine ndinakumana nazo pamene amalume anga anakhala m'chipatala milungu itatu m'nyengo ya chiperoni, ndipo galu wawo, amene anali wamantha chiyambire ali mwana, anatsala m'manja mwanga. Zina ndinachita bwino, zina ndinalakwitsa, ndipo zonsezo zili m'malangizo awa. Chimene ndinatsimikiza n'chakuti galu wotere amakhala akupukwa, monga mmene mwana amapukwira mayi ake, ndipo chimene chimamukhazika mtima pansi ndi munthu mmodzi wobwera nthawi yomweyomweyo, kumalo omwewo, atanyamula chakudya chomwecho tsiku ndi tsiku.

Choyamba, funsani eni ake

Musanayambe chilichonse, yankhulani ndi wodwalayo ngati akutha kuyankhula, ndipo ngati sangathe, funsani womudikirira kapena mwana wa pakhomopo. Muyenera kudziwa chimene galuyo amadya, kangati pa tsiku ndi nthawi yanji, malo amene amagona, ngati amamasulidwa usiku kapena masana, zinthu zimene amaziopa, ndiponso ngati analumapo munthu. Funsaninso tsiku limene analandira katemera wa chiwewe ndi kumene kuli khadi lake. Musaiwale mawu amene anazolowera, chifukwa agalu ena kuno amaitanidwa m'Chichewa, ena m'Chilomwe, ena m'Chingerezi, ndipo ena amangodziwa likhweru la mbuye wawo basi.

Ena amachita manyazi kufunsa wodwala za galu, poganiza kuti n'kumuvutitsa ndi nkhani yopanda pake. Ine nditaimba foni ndinangoti, "Amalume, pepani kukuvutitsani muli chigonere, koma galu uja mumamupatsa chakudya nthawi yanji, ndipo usiku mumamumasula?" Anandiyankha motalika kuposa mmene anayankhira za thupi lawo, ndipo apo ndinazindikira kuti nkhaniyi inali ikuwasowetsa tulo. Wodwala akadziwa kuti chiweto chake chili m'manja mwa munthu, mtima wake umapepuka.

Pa nthawi yomweyo gwirizanani za ndalama. Banja limene lili ndi wodwala limatulutsa ndalama zambiri, choncho zidziwike msanga ngati ufa ndi usipa wa galu mudzagula nokha, kapena abale adzatumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Pezaninso nambala ya mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene mungamufunse ku ofesi ya zaulimi, ndipo muisunge lero lomwe, osadikira tsiku la mavuto.

Chachiwiri, pasankhidwe munthu mmodzi, ndipo galu asasamutsidwe

Abale akakhala pansi kugawana ntchito, zakuti ndani akagone kuchipatala ndipo ndani ayang'anire ana ndi munda, pomwepo atchulenso munthu mmodzi woyang'anira galu. Akhale wamkulu, ndipo ngati n'kotheka akhale amene galuyo amamudziwa kale. Mukangoti aliyense wodutsa azimuponyera mkute, mudzapeza kuti tsiku lina wadya katatu, tsiku lina wagona ndi njala, ndipo palibe amene angaone kuti wayamba kudwala. Ana akhoza kuthandiza kutunga madzi, koma asasiyidwe okha ndi galu wamantha, ngakhale amene amasewera naye masiku onse.

Ndi bwino kuti inu muzipita kwa galuyo kusiyana ndi kumutengera kwanu. Pakhomo pake pali fungo la mbuye wake ndi ngodya zimene amazidziwa, pamene kwanu adzapeza agalu ena, nkhuku zosamudziwa ndi anthu achilendo, ndipo akangopeza mpata adzathawa kubwerera kwawo. Ngati palibe kuchitira mwina, tengani chogonera chake ndi mbale yake, muzimusunga mumpanda kapena m'chipinda masiku oyambirira, akumane ndi agalu anu kunja kwa bwalo asanalowe, ndipo aliyense azidyera payekha.

Chachitatu, kafikidwe kanu tsiku loyamba

Fikani opanda ndodo m'manja, ndipo musawerame mofulumira pafupi naye, chifukwa agalu a kuno amadziwa kuti munthu wowerama akutola mwala. Musamulunjike maso, musayende molunjika pamene ali, ndiponso musatambasule dzanja pamwamba pa mutu wake. Tengani kampando, khalani chammbali patali pang'ono, mutchule dzina lake motsitsa mawu, kenaka muponye usipa umodzi kapena uwiri pafupi ndi iye. Mulekeni abwere yekha kudzakununkhizani, ngakhale zitatenga theka la ola kapena masiku awiri.

Muli chikhalire choncho, muonetsetse thupi lake. Galu amene ali ndi nkhawa amapinda mchira pakati pa miyendo, amagonetsa makutu kumbuyo, amanyambita milomo ndi kuyasamula ngakhale alibe tulo, amapuma wefuwefu kunja kukuzizira, ndipo amayendayenda kuchoka pakhomo kupita kumsewu n'kubwereranso. Ena amakanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi, ena amakodza pakhonde pamene sanakodzepo chiyambire. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo apa mawuwo ndi oona ndithu, chifukwa kuseri kwa chitsekocho n'kumene kuli fungo la munthu amene akumufuna. Kumumenya chifukwa cha zimenezi kumangowonjezera mantha pamwamba pa mantha.

Akaumitsa thupi, n'kuyamba kulira chapansipansi ndi kuonetsa mano, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono osamupatsa msana ndiponso osathamanga. Limenelo ndi chenjezo, ndipo galu amene amalangidwa chifukwa chochenjeza amaphunzira kuluma osachenjeza. Akadzayamba kukuyandikirani, musisiteni pachifuwa kapena m'mbali mwa khosi kwa kanthawi kochepa, kenaka mulekeze kuti muone ngati akufuna zina kapena akuchoka.

Chachinayi, pogona pake

Pezani malaya kapena chitenje chimene mbuye wake anavala ndipo sichinachapidwe, muchiike pamene galuyo amagona. Chikhale chovala chakale cha masiku onse, osati chimene chadetsedwa ndi magazi, masanzi kapena zina za matenda. Galu wa amalume anga anayamba kugona tulo tenitenti usiku umene ndinamuyalira juzi yawo yakale, ndipo mpaka tsiku limene anabwerera sanagonenso pena.

Pogonapo pakhale pouma, potchingika ku mphepo, ndiponso pamene angaone khomo. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, simenti ya pakhonde imazizira kwambiri, choncho yalani katoni kapena matabwa pansi, chiguduli pamwamba, kenaka chovala chija. Musayale padothi lonyowa, makamaka m'nyengo ya mvula, chifukwa kuli ntchentche imene imaikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zachinyezi zokhala ndi fungo la mkodzo, ndipo mphutsi zake zimaloŵa pakhungu la galu n'kupanga tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati. Ngati mbuye wake amakonda kumvera wailesi pakhonde madzulo, itsegulireni chapansipansi nthawi yomweyo, chifukwa mawu a anthu amachepetsa bata limene galuyo sanalizolowere.

Chachisanu, chakudya ndi madzi

Apa m'pamene ambiri amataya mtima, chifukwa galu wopukwa amatha kukana chakudya tsiku loyamba ngakhale lachiwiri. Mupatseni chimene anazolowera, m'mbale yake, pamalo ake, pa nthawi yake. Kwa agalu ambiri a m'midzi yathu chimenecho ndi nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi usipa kapena bonya, ndipo ngati nsombayo ndi yamchere kwambiri muitsuke kaye. Ikani mbale pansi, mutalikire, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 muichotse ngati sanadye, kuti chakudya chisasase ndi kuitana nyerere ndi agalu oyendayenda. Pali agalu ena amene amadya pokhapokha munthu atakhala pafupi osawayang'ana, ndipo ena amadya akaona kuti mwachoka, choncho yesani njira zonse ziwiri.

Akakana kawiri motsatizana, fundutsani chakudyacho pang'ono kuti fungo lituluke, muthiremo msuzi wa nkhuku kapena wa nsomba wopanda anyezi, kapena muphwanyiremo dzira lowiritsa. Musamutsegule kukamwa mokakamiza. Musamusinthirenso chakudya mwadzidzidzi chifukwa cha chisoni, monga kumugulira chakudya cha m'sitolo chimene sanadyepo kapena kumupatsa mkaka wambiri, chifukwa agalu ambiri akuluakulu mkaka umawatsegula m'mimba. Ngati kusintha kuli kofunika, muzisakaniza chatsopano ndi chakale, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri.

Madzi ndi ofunika kuposa chakudya, ndipo akhalepo usana ndi usiku m'chiwiya cholemera chimene sangachigubuduze. Galu amafuna madzi okwana mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, kutanthauza kuti galu wa makilogalamu 15 amamwa mamililita 750 mpaka 900, ochepera pang'ono lita imodzi, ndipo kukatentha m'mwezi wa October amamwa oposa pamenepo. Muzithira muyeso womwewo m'mawa uliwonse kuti muzidziwa mmene akumwera. Mukakayika, tsinani khungu la pakati pa mapewa ake n'kulisiya. Likabwerera msanga zili bwino, koma likatsala chiimire ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Galu wamkulu akatha masiku awiri osadya kanthu, kapena tsiku limodzi osamwa madzi, itanani mlangizi wa ziweto. Kwa kamwana ka galu ndi galu wokalamba musadikire kupitirira tsiku limodzi.

Pali zinthu zina zimene tili nazo zambiri m'maboma athu awiriwa koma n'zoopsa kwa galu. Tiyi, amene ena amamuthirira galu m'mbale pomumvera chisoni, ali ndi caffeine amene amathamangitsa mtima wake ndi kumuwonjezera kusakhazikika. Mtedza wa makadamiya, umene umalimidwa kwambiri ku Thyolo, galu akaudya amafooka miyendo yakumbuyo, amanjenjemera ndi kusanza pasanathe maola 12. Anyezi ndi adyo amawononga magazi ake, ndiye chifukwa chake ndiwo zotsala zokazingira sizoyenera. Mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kukhala akuthwa, pamene chitsononkho cha chimanga, njere ya peyala ndi ya mango zimatha kutseka matumbo, ndipo galu wankhawa amatafuna chilichonse chimene wachipeza. Zungulirani pakhomo muchotse zonsezi, pamodzi ndi mankhwala a makoswe monga tameki ndi mankhwala a m'munda amene eni ake anawasiya pofikirika pochoka mothamanga.

Musamupatse mankhwala a anthu. Panado ndi Brufen, amene ife timamwa osaganiza kawiri, amatha kuwononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu, ndipo mapiritsi ogonetsa tulo a munthu sayenera kuperekedwa kwa chiweto popanda dokotala wa ziweto kulamula muyeso wake.

Chachisanu ndi chimodzi, ndondomeko ya tsiku ndi nkhani ya chingwe

Sankhani nthawi ziwiri zimene mungazisunge osaphonya. Ngati mumalawirira kukathyola tiyi kuesiteti kapena kukagulitsa malonda pamsika wa Chitakale kapena Luchenza, pitani kwa galuyo musananyamuke, n'kudzapitanso mukaweruka. Ulendo uliwonse muzichita zinthu m'dongosolo lomwelo, kuyambira kumupatsa moni, kusintha madzi, kuyenda naye, kumupatsa chakudya, mpaka kukhala naye kanthawi muli phee. Pakatha masiku atatu kapena anayi mudzaona kuti wayamba kukudikirirani pa nthawi yake, ndipo galu amene akudziwa chimene chikubwera nkhawa yake imachepa.

Muziyenda naye mphindi 20 kapena 30 ali pachingwe, ndipo muzimulola kununkhiza momwe akufunira, chifukwa kununkhiza kumamutopetsa bwino ndi kumutsitsa mtima. Chingwecho n'chofunika ngakhale kwa galu amene mbuye wake amayenda naye chomasuka, popeza inu sanayambe kukumverani, ndipo maganizo ake ali kumene galimoto inalowera. Msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Muloza uli ndi maminibasi ndi malole othamanga, m'mphepete mwa nkhalango muli misampha, ndipo galu wanjala akagwira nkhuku ya mnansi, mlandu wake umapeza banja limene lili kale pamavuto.

Kulakwa kwanga kwakukulu kunali pa kumanga. Poopa kuti athawa, ndinamumangirira pamtengo ndi chingwe chachifupi cha nayiloni tsiku lonse, ndipo pobwera madzulo ndinapeza khosi lake litasupuka chifukwa chokoka, madzi atatayika, iye ali wefuwefu padzuwa. Zinandipweteka mtima kwambiri, ndipo sindifuna kuti wina abwereze zimenezo. Ngati pali mpanda wolimba, tsekani mipata yake mumusiye womasuka m'katimo. Ngati kumanga sikungapeweke, gwiritsani ntchito lamba wa m'khosi wotambalala, wachikopa kapena wansalu yolimba, womangidwa moti zala ziwiri zilowe pansi pake, osati waya kapena chingwe chothina chokha akakoka. Njira yabwino ndi kukunga waya pakati pa mitengo iwiri n'kulowetsamo mphete ya chingwe chake, kuti azitha kuyenda uku ndi uku, kufika pamthunzi ndi pamadzi. Pasakhale pafupi ndi mpanda kapena khonde lalitali pamene angadumphe n'kudzipachika, ndipo muzimumasula tsiku lililonse.

Pochoka musatsanzike motalika, ndipo pofika musachite phokoso. Masiku amene muli ndi mpata, muzolowezeni kutsala yekha pochoka mphindi zochepa n'kubwerera asanayambe kulira, kenaka n'kumatalikitsa nthawiyo. Kumwaza tizidutswa ta chakudya pa udzu musanachoke kumamupatsa chochita pa mphindi zoyambirira, zimene ndi zovuta kwambiri kwa iye.

Chachisanu ndi chiwiri, kulira kwa usiku

Nkhani iyi ndi yofunika kuikamba mosabisa. Kwathu kuno galu akamalira mokoka mawu usiku, ambiri amati ndi malodza, ndipo zikachitika pakhomo pamene mwini wake ali m'chipatala, mantha amagwira mudzi wonse. Usiku wachiwiri amalume ali kuchipatala, mayi wina wachikulire woyandikana nafe anandipeza m'mamawa n'kunena kuti, "Mwanangu, galuyu akutilodzera, mum'chotse pano." Sanayankhule mwankhanza, anali ndi mantha enieni chifukwa amawakonda amalumewo. Sindifuna kunyoza zimene makolo athu anakhulupirira, koma ndikupempha kuti tiyang'anenso chimene chili poyera. Kulira kotero ndi njira imene galu amaitanira anzake amene atalikira, ndipo galu amene wasowa mbuye wake amalira chimodzimodzi kaya mbuyeyo ali m'chipatala, kaya wapita kukagwira ntchito ku Johannesburg ali bwinobwino. Agalu ambiri amenyedwa, athamangitsidwa, ena apatsidwa chiphe chifukwa cha kulira kumeneku, ndipo wodwala potuluka amapeza chisoni china chikumudikira.

Choncho pitani kwa anansi tsiku loyamba lomwe, galu asanayambe kulira, muwauze kuti eni ake agonekedwa, galuyo ali m'manja mwanu, ndipo mwina alira masiku angapo. Apempheni kuti akaona vuto akuuzeni inu m'malo momugenda. Munthu amene wauzidwa mwaulemu amapirira zambiri. Ngati mungathe, gonani pakhomopo masiku atatu oyambirira, kapena mupemphe wachibale wamkulu agonepo, galuyo ali pafupi ndi chitseko pamene angamve kupuma kwa munthu. Akayamba kulira musamukalipire, koma mutuluke, mumutchule dzina motsitsa, mukhale naye mpaka atagona. Kutonthoza galu wamantha sikumuphunzitsa mantha, ndipo zomwezi muzichita mvula ya mabingu ikamagwa kapena makombola akamalira pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano, pomulola kubisala pamene wasankha.

Ena amafuna kumumvetsa mawu a mbuye wake pafoni kapena pa WhatsApp. Yesani kamodzi muone. Akakhazikika pitirizani, koma akayamba kuzungulira nyumba kufunafuna mwini mawuwo, lekani.

Chachisanu ndi chitatu, kusiyanitsa kupukwa ndi matenda

Si galu aliyense wokana chakudya amene akupukwa, ndipo kuno matenda oyamba kuwaganizira ndi chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ndiye chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kupereka katemera kwa agalu ambirimbiri ku Blantyre mu 2015, ndipo tsiku la 28 September chaka chilichonse ndi lokumbukira matendawa. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kaya mwa galu kaya mwa munthu, mankhwala ochiza palibe.

Kusiyana kwake kumaoneka mukamamuyang'ana tsiku ndi tsiku. Galu wopukwa amamwa madzi ndi kumeza bwinobwino, amazindikira anthu ake, amakhazikika munthu akakhala naye, ndipo masiku akamapita amanka nachira. Galu wachiwewe amanka naipiraipira. Mawu ake amasintha n'kukhala osasa, dovu limatuluka, chibwano chimalendewera, amalephera kumeza, amaluma mitengo, miyala ndi chilichonse chodutsa, kapena amangokhala duu modabwitsa, ndipo pamapeto pake amadzandira ndi kufa ziwalo. Mukaona galu ali yasa kukamwa ngati watsamwa fupa, musalowetsemo dzanja. Mutsekereni pamene sangatuluke, chotsani ana ndi ziweto, ndipo muitane a ziweto nthawi yomweyo, makamaka ngati analumidwapo ndi galu wosadziwika kapena nkhandwe m'milungu kapena miyezi yapitayo.

Akakulumani kapena kukukandani mpaka khungu kung'ambika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona mmene galuyo akhalire. Musapakepo ubweya wa galu, phulusa kapena tsabola. Dziwitsani ofesi ya ziweto, ndipo galu amene akuoneka wabwinobwino asaphedwe, koma atsekeredwe n'kuyang'aniridwa kwa masiku 10, chifukwa ngati anali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku lolumalo, zizindikiro zimaoneka m'masiku amenewo. Ngati khadi la katemera silikupezeka ndipo palibe akukumbukira kuti anabayidwa liti, pemphani chilolezo kwa eni ake kuti abayidwe.

Matenda ena amene amabisala kuseri kwa kupukwa ndi obwera ndi nkhupakupa. Galuyo akakuzolowerani, muzimufufuza m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, ndipo muzikweza mlomo wake kuona nkhama. Nkhama za galu wathanzi zimakhala zofiirira, koma zikayera ngati pepala kapena kuchita chikasu, thupi likutentha, mkodzo uli woderako, ameneyo akufunika thandizo tsiku lomwelo. Kutentha kwabwino kwa thupi la galu ndi madigiri 38 mpaka 39.2, kotero amamveka wofunda kuposa munthu ngakhale ali bwino. Kusanza kobwerezabwereza, chimbudzi chamagazi, mimba yotupa mwadzidzidzi ndi kukomoka n'zosayenera kudikira nazo mawa.

Pomaliza, kubwerera kwa mbuye wake

Pa masiku onsewa muziuza wodwalayo mwachidule mmene galu wake alili, ndipo ngati pali foni yojambula mumutumizire chithunzi. Zikaoneka kuti akhalitsa, kapena zikachitika zimene palibe amazifuna, banja likambirane msanga za amene adzakhale mwini wa galuyo, ndipo woyenera kwambiri ndi amene wakhala akumudyetsa, kuti asasowe munthu kachiwiri.

Tsiku lotuluka, galu akhale pachingwe wodwalayo asanatsike galimoto. Munthu amene wachitidwa opaleshoni, amene ali ndi bala la ulusi pamimba kapena akuyendera ndodo, akhoza kugwetsedwa ndi chisangalalo cha galu wake yemwe. Alowe kaye, akhale pampando, atchinge pabala ndi pilo kapena chitenje chopinda, ndipo pamenepo mubweretse galuyo pang'onopang'ono. Musadabwe akayamba waima patali, chifukwa mbuye wake wabwera ndi fungo la mankhwala, ndipo amafuna kununkhiza kaye asanayambe kupukusa mchira. Asaloledwe kunyambita bala kapena bandeji, ndipo mapiritsi onse ochokera kuchipatala asungidwe pamwamba m'kabati yotseka.

Ntchito yanu siithera pomwepo, chifukwa wotuluka m'chipatala sakhala ndi mphamvu zotunga madzi, kuphika nsima ya galu kapena kuyenda naye. Pitirizani kubwera pa nthawi zomwe zija kwa mlungu umodzi kapena iwiri, koma mbale muziipereka kwa mbuye wake kuti aziika pansi yekha, ndipo muchepetse maulendo anu pang'onopang'ono, kuyambira ndi wa m'mawa. Masiku oyambirira galuyo adzatsatira mbuye wake paliponse, ndipo akhoza kuliranso tsiku limene mbuyeyo adzabwerere kuchipatala kukachotsa ulusi, choncho funsiranitu tsikulo kuti inu mudzakhale pakhomopo iwo asananyamuke.